Malangizo a pa intaneti okhudza masiki: tingadziwe bwanji oona, ndipo tingawalembe bwanji kuti amveke?

Nachisale wa ku Mponela

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha makamaka a zachipatala, aphunzitsi ndi omasulira mawu kuti mundithandize nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano.

Bambo anga, amene ali ndi zaka 71, anawapeza ndi chifuwa chachikulu mwezi watha. Kuchipatala anatilandira bwino, anatipatsa mankhwala, ndipo namwino anatiuza kuti m'milungu yoyamba bambo azivala masiki akakhala pafupi ndi anthu ena, tizitsegula mazenera, komanso asamagone chipinda chimodzi ndi ana. Pamzere panali anthu ambiri moti sindinafune kumuchedwetsa ndi mafunso, koma titangofika kunyumba mafunsowo anayamba kundibwerera. Kodi masiki yake ndi iti, ya chitenje imene inatsala m'sutikesi kuchokera mu 2020, kapena yabuluu ya kufamase? Yabuluuyo munthu angaivale masiku angati? Nanga ine amene ndimawapatsa phala ndi kuwachapira, ndizivalanso? Nanga mwana wanga wa zaka zinayi, amene sachoka pamiyendo pa agogo ake?

Ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza pafoni. Choyamba kutuluka chinali chikalata cha PDF cha masamba oposa makumi awiri, m'Chingerezi, chimene chinadya gawo lalikulu la bandulo yanga chisanatseguke n'komwe, ndipo chitatseguka zilembo zake zinali ngati nyerere, moti ndinkachita kukulitsa ndi zala mzere uliwonse. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, Chingerezi ndimachiphunzitsa tsiku ndi tsiku, komabe ndime imodzi ndinaiwerenga katatu osatolapo choti ndichite usiku umenewo. Kenako ndinapeza masamba ena a Chingerezi chosavuta, okhala ndi zithunzi zokongola, koma opanda dzina la wolemba ngakhale tsiku limene analembedwa, ndipo kumapeto kwake kunali malonda a mamasiki omwewo.

Chimene chinandipweteka mtima kwambiri ndi ichi: uthenga wokhawo wa m'Chichewa umene unafika m'nyumba mwathu unali wa mawu ojambulidwa pa WhatsApp, umene azakhali anga anabwera nawo pafoni yawo. Bambo wina wa mawu odekha ankafotokoza kuti masiki imachititsa munthu kupumanso mpweya woipa umene watulutsa, ndipo kuti wodwala chifuwa akaivala mapapo ake amafooka msanga. Ankalankhula pang'onopang'ono, m'Chichewa chomveka bwino, ndi zitsanzo za pamudzi. Azakhali anakhulupirira, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa pa zonse zimene tinali nazo patebulo tsiku limenelo, chabodzacho ndicho chinali chomveka kuposa zonse.

Tsopano amayi a Chigwirizano kumpingo kwathu andipempha kuti ndilembe tsamba limodzi m'Chichewa lofotokoza za kavalidwe ka masiki, chifukwa mabanja ena awiri alinso ndi odwala chifuwa. Ndavomera, koma ndikuopa kusocheretsa anthu. Funso langa lili pawiri. Munthu wamba angadziwe bwanji kuti malangizo amene wawapeza pa intaneti ndi odalirika? Ndipo akawapeza odalirikawo, angawalembe bwanji kuti agogo a kumudzi awamve ndi kuwatsatira, popanda kupotoza choonadi chake?

Phiri, wachipatala wopuma, Kasungu

Mayi Nachisale, pepani ndi matenda a bambo, ndipo limbani mtima chifukwa chifuwa chachikulu chimachizika ngati wodwala amaliza mankhwala onse a miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Ndiyankha mbali yoyamba ya funso lanu, chifukwa ndi imene ndakhala nayo zaka zambiri.

Mu 1997 magazini ya madokotala a ku America yotchedwa JAMA inafalitsa mfundo zinayi zoyezera nkhani za umoyo za pa intaneti, ndipo mpaka lero sindinapeze zoposa zimenezo: wolemba ndani ndipo ali ndi ukadaulo wanji, umboni wake wautenga kuti, mwini tsambalo ndani ndipo akupindula chiyani, komanso linalembedwa kapena kukonzedwanso liti. Masamba okongola aja amene mwatchula agwa pa mfundo zitatu nthawi imodzi, choncho asiyeni. Koma pa nkhani ya masiki, mfundo yachinayi ya tsiku ndiyo imene yasocheretsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira, chifukwa tsamba likhoza kukhala la bungwe lodalirika ndithu koma n'kukhala lakale.

Ndikukumbutseni mmene zinayendera. Kuno kwathu odwala Covid-19 oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Pa 6 Epulo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo onena kuti panalibe umboni wokwanira woti anthu osadwala azivala masiki pagulu, ndipo linapempha kuti mamasiki achipatala asungidwire ogwira ntchito m'zipatala, popeza anali kusowa padziko lonse. Masiku atatu m'mbuyo mwake, bungwe loona za kupewa matenda la CDC ku America linali litalangiza kale anthu ake kuvala zansalu. Pa 5 Juni chaka chomwecho WHO inasintha, n'kulangiza maboma kuti alimbikitse anthu kuvala mamasiki a nsalu zitatu zosanjikiza pamalo othinana, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi a matenda ena azivala achipatala. Pa 1 Disembala inawonjezeranso kuti mamasiki okhala ndi kabowo kotulutsira mpweya sakuyenera, chifukwa amatulutsa mpweya wa wovalayo osasefa. Kusinthaku sikunali chinyengo ayi, koma umboni unkabwera pang'onopang'ono, makamaka woti munthu amatha kupatsira anzake asanayambe kuonetsa zizindikiro. Vuto n'lakuti zikalata zonsezi, zakale ndi zatsopano, zidakali pa intaneti, ndipo foni yanu siikuuzani kuti ichi chinalowedwa m'malo ndi china. Munthu amene wajambula chithunzi cha chikalata cha Epulo n'kuchitumiza pa gulu lero akunena zimene WHO inanenadi, koma akusocheretsa.

Chachiwiri, dzifunseni kuti tsambalo likunena za matenda ati ndipo linalembedwera yani. Zambiri zimene mungapeze polemba mawu oti masiki ndi za Covid-19, pamene inu mukusamalira wodwala chifuwa chachikulu. Pa matenda amenewa, masiki yabuluu ija imavalidwa ndi wodwalayo, kuti igwire timadontho totuluka potsokomola, poyetsemula ndi polankhula tisanamwazike m'chipinda. Ogwira ntchito m'zipatala za chifuwa amavala mtundu wina wotchedwa N95, umene umagwira nkhope mothina ndipo umasefa tinthu tosachepera 95 pa 100 alionse ta m'mpweya pa mayeso ake. Chikalata chachitali chija mwina chinalembedwera iwowo, n'chifukwa chake sichinakuuzeni choti muchite usiku ule. Kwa inu m'nyumba, chimene chimateteza kwambiri ndi mankhwala amene bambo akumwa, chifukwa pakapita milungu ingapo akumwa mokhulupirika mphamvu yopatsirana imatsika kwambiri, kenako mpweya woyenda bwino m'nyumba, kenako masiki. Tsiku losiyira kuvala akakuuzeni amene akuwaona bambowo, osati tsamba lililonse.

Za mwana wanu, malangizo a WHO ndi UNICEF a mu Ogasiti 2020 ananena kuti ana a zaka zisanu kutsika m'munsi asakakamizidwe kuvala masiki. Koma apa ndi pamene tsamba loyankha funso la masiki lokha lingakuphonyetseni chinthu chachikulu: mwana wosakwana zaka zisanu wokhala nyumba imodzi ndi wodwala chifuwa chachikulu ayenera kupita kuchipatala kukayezedwa, ndipo akapezeka kuti alibe matendawa amapatsidwa mankhwala oteteza. Chonde musachedwe naye, ndipo mfundo imeneyi isasowe patsamba lanu.

Uthenga wa azakhali uja ndi wabodza. Mpweya umene timapuma ndi umene timatulutsa umadutsa m'masiki mosavuta, ndipo ife tinkakhala m'fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, maola ambiri titavala, tsiku ndi tsiku, osakomoka. Wodwala amene akubanika kwambiri ndi nkhani ina, ameneyo apite kuchipatala. Mukafuna kufunsa m'Chichewa popanda kuwononga bandulo, imbani Chipatala Cha Pa Foni.

Gama, mphunzitsi wa Chichewa ndi womasulira, Zomba

A Phiri afotokoza bwino za kudalirika. Ine ndilowe pa za kumveka, chifukwa ndaona malangizo oona ambiri akufera papepala.

Kumaiko a azungu kuli njira zowerengera kuvuta kwa nkhani yolembedwa. Rudolf Flesch anatulutsa yake mu 1948, ya SMOG inabwera mu 1969, ndipo ya Flesch-Kincaid inakonzedwa mu 1975 pofuna kuyeza mabuku a asilikali a pamadzi a ku America. Zonsezi zimawerenga zinthu ziwiri basi, kutalika kwa ziganizo ndi kuchuluka kwa maphatikizo m'mawu, kenako n'kunena kuti nkhaniyi angaimve mwana wa kalasi yakuti. Mabungwe a zaumoyo kumeneko amalangiza kuti zolembera odwala zikhale pa mlingo wa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi kapena khumi ndi ziwiri, ngati wa Sitandade 6 kuno. Ngati mlingo umenewo ndi wa eni chinenero, ganizirani za munthu wathu amene Chingerezi anachisiyira ku pulayimale.

Ndikuchenjezeni kuti musayese tsamba lanu la Chichewa ndi njira zimenezi, ngakhale zili zaulere pa intaneti. SMOG imati liwu lililonse la maphatikizo atatu kapena kuposa ndi lovuta. Tengani liwu loti "musamayigwiregwire": lili ndi maphatikizo asanu ndi atatu, ndipo makina angati ndi la kuyunivesite, chonsecho mwana wa Sitandade 1 amalimva mayi ake akangolitchula kamodzi. Chichewa chimamanga chiganizo chonse mkati mwa mneni mmodzi, choncho kutalika kwa liwu sikutanthauza kuvuta. Ngakhale m'Chingerezi momwemo njirazi zimanama. Liwu loti "fit" lili ndi phatikizo limodzi, makina amaliona lophweka zedi, koma ndi limene lanyamula mutu wa nkhani yonse: kuti masiki igwire pamphuno, m'masaya ndi pansi pa chibwano popanda mpata. Womasulira akangolemba kuti "masiki ikhale yokukwanani", wowerenga amaganiza za saizi ngati ya malaya, ndipo mfundo yeniyeni yatayika.

Chovuta chachikulu chimene ndakumana nacho pomasulira si mawu, koma zinthu zimene wolembayo anaganiza kuti aliyense ali nazo. Malangizo a WHO a Juni 2020 ankati masiki yansalu ichapidwe ndi sopo m'madzi otentha madigiri 60 kamodzi pa tsiku. Chiganizo chimenecho n'chachifupi, koma kodi ndani kumudzi ali ndi choyezera kutentha kwa madzi? Chonsecho m'chikalata chomwecho munali njira ina, yoti ngati madzi otentha palibe, muchape ndi sopo m'madzi wamba kenako muwiritse masikiyo kwa mphindi imodzi. Imeneyo ndiyo njira ya munthu wokhala ndi mbaula ndi poto, koma inali yobisika mkatikati, ndipo timapepala tambiri tofupikitsa tinkatenga ya madigiri ija n'kusiya ya poto. Pomasulira, sankhani zimene owerenga anu angathe kuchita ndi zimene ali nazo pakhomo.

Kumbukiraninso kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 69 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ndi amene ankatha kulemba ndi kuwerenga. Tsamba lanu, tsono, ambiri sadzaliwerenga okha, adzachita kuwerengeredwa ndi mdzukulu kapena mlembi wa Chigwirizano. Lilembereni khutu. Yambani ndi chochita, chifukwa chake chitsatire m'chiganizo chomwecho, ndipo gwiritsani liwu limodzi pa chinthu chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukayamba ndi "masiki" musasinthire ku "chotchinga pakamwa ndi mphuno" pakati, chifukwa womvera angaganize kuti ndi zinthu ziwiri. Ine ndimakonda kufotokoza kamodzi koyambirira kuti masiki ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno, kuti mphuno itchulidwe, kenako "masiki" basi, chifukwa ndilo liwu limene anthu amanena pamsika.

Mayeso enieni ndi munthu. Mukamaliza kulemba, awerengereni azakhali omwe aja, muwapatse masiki m'manja, ndipo musawafunse kuti "mwamva?", chifukwa munthu waulemu amayankha kuti eya ngakhale asanamve. Apempheni kuti akuonetseni mmene angawavekere achimwene awo, mmene angaivulire, ndi kumene angaitaye. Paliponse pamene dzanja lawo lazengereza, vuto lili patsamba lanu, osati mwa iwo.

Mbewe, telala wa ku Ndirande

Ine sindine wophunzira ngati amene andiyambira, koma mamasiki ndinasoka ochuluka kwambiri m'chaka cha 2020, ndipo ndikufuna kuchitira umboni zimene a Gama anena.

Boma litakhazikitsa lamulo mu Ogasiti 2020 loti aliyense azivala masiki pagulu, ndi chindapusa cha K10,000 kwa wosavala, makina anga sankapuma. Ndinkadula zitenje usiku, mkazi wanga n'kumalowetsa malamba. Mauthenga amene tinkamva ndi kuona pafoni ankangoti valani masiki, sambani m'manja, khalani motalikirana. Palibe uthenga umene unandifika ine wosoka wondiuza kuti masiki yabwino isokedwe bwanji. Miyezi yoyamba ndinkasoka ya nsalu imodzi, chifukwa ndiyo makasitomala ankafuna, yotchipa ndi yopepuka popuma. Za nsalu zitatu ndinazimva kwa kasitomala wina, namwino, amene anandionetsa chithunzi pafoni yake n'kundimasulira: mkati nsalu ya thonje yomwa chinyezi, pakati nsalu yosefa, kunja nsalu yosalowa madzi msanga ngati poliyesitala. Dzina la nsalu yapakatiyo linali lalitali, la Chingerezi, ndipo nditapita nalo kwa ogulitsa nsalu ku Limbe palibe amene analidziwa. Mayi yemweyo ndi amene anadzandiuza kuti ndi nsalu yosalukidwa, yofanana ndi ya timatumba tina togulira zinthu. Akanalemba choncho poyamba, ndikanaipeza tsiku lomwelo. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikaganiza za anthu amene anavala nsalu imodzi yanga akukhulupirira kuti atetezeka mokwanira.

Chinanso chimene ndinaona ndi maso anga ndi kubwerekana. Pakhomo pa sitolo ina yaikulu, pamene mlonda sankalola munthu kulowa wopanda masiki, ndinaona mnyamata akutuluka, n'kuvula masiki yake, n'kupatsa mnzake amene ankadikira panja, ndipo mnzakeyo anaivala pomwepo idakali yofunda. M'minibasi anthu ankaikoka kuchokera pachibwano akaona apolisi patsogolo, akadutsa n'kuitsitsanso. Anthu amenewa sanali opusa. Anamva bwino lomwe uthenga umene anapatsidwa, woti masiki ndi lamulo ndipo wosavala alipira, choncho anaitenga ngati chiphaso cholowera. Chimene sanauzidwe momveka ndi chakuti nsaluyo imagwira malovu ndi mpweya wa munthu, ndipo kuti kubwereka masiki n'chimodzimodzi kubwereka mpango umene wina waminira.

Choncho Mayi Nachisale, pempho langa n'lakuti patsamba lanu musangolemba zochita zokha. Pa chilichonse muikepo chifukwa chake m'mawu ochepa. Munthu akadziwa chifukwa, amatha kudziweruzira yekha ngakhale pa zinthu zimene inu simunazilembe.

Chisomo, namwino ku Manchester

Ndikugwirizana ndi akuluakulu onse, koma ndikufuna kuikapo chenjezo pa mawu oti "kufewetsa", chifukwa ndaona kufewetsa kukubala mavuto ake.

Uthenga ukafupikitsidwa kwambiri umayamba kulonjeza zimene umboni sunalonjeze. Mawu oti "masiki imateteza ku matenda" ndi omveka bwino, koma womva amatenga kuti wovala sangadwale. Ndiye mnansi wake amene ankavala mokhulupirika akadwala, amati tinanamizidwa, ndipo tsiku lina akadzauzidwa za katemera kapena za mankhwala a chifuwa sakhulupiriranso. Liwu loona ndi "imachepetsa", ndipo Chichewa chili nalo liwu limeneli, lalifupi ndi lomveka kwa aliyense.

Ndipereke zitsanzo ziwiri. Ku Bangladesh kunachitika kafukufuku wamkulu m'midzi 600, wokhudza akuluakulu oposa 340,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. M'midzi imene anagawa mamasiki aulere, kufotokozera anthu khomo ndi khomo, kukumbutsa m'misika ndi m'mizikiti komanso kugwiritsa ntchito atsogoleri a m'deralo, ovala anafika 42 pa 100 alionse, pamene m'midzi ina anali 13. Kumene anagawa mamasiki achipatala, odwala Covid-19 otsimikizika anachepa ndi pafupifupi 11 pa 100, ndipo mwa a zaka 60 kupita m'tsogolo anachepa ndi pafupifupi 35 pa 100. Za mamasiki a nsalu zotsatira sizinali zomveka bwino choncho. Uku ndi kuchepetsa kwenikweni, koma si khoma la njerwa. Onaninso kuti chimene chinasintha khalidwe sichinali pepala lokha, koma pepala pamodzi ndi munthu wokumbutsa ndi masiki m'manja.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha Januwale 2023, pamene bungwe la Cochrane linatulutsa kuunika kwa kafukufuku wambiri wokhudza njira zopewera matenda a m'mapapo. Masamba ambiri pa intaneti analemba mitu yoti zatsimikizika kuti masiki sigwira ntchito. Mu Malichi chaka chomwecho mkonzi wamkulu wa bungwelo, Karla Soares-Weiser, anachita kutulutsa chikalata chonena kuti kumeneko kunali kumva molakwika, chifukwa chimene anapeza chinali chakuti umboni wa mapulogalamu olimbikitsa kuvala sunali wokwanira kugamula mbali iliyonse. Mutu wolakwika uja unali wosavuta kuwerenga kuposa chikalata chokonza, ndipo unayenda mtunda wautali kuposa icho. Apa ndikusiyana pang'ono ndi a Phiri: mfundo zinayi zija sizikwanira, chifukwa tsamba likhoza kukhala ndi wolemba, tsiku ndi gwero lenileni, koma n'kupotoza zimene gwerolo linanena. Tsamba limene likulankhula motsimikiza kotheratu, kaya likuti masiki ndi chishango kaya likuti ndi yachabechabe, ndimalikayikira msanga kuposa limene likuvomera malire ake.

Mayi Nachisale, pansi pa tsamba lanu mulembe tsiku, dzina la chipatala chimene chaliona, ndi chiganizo chimodzi chonena kuti malangizo akasintha mudzawadziwitsa. Ndipo musaligawe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena namwino wa ku chifuwa asanaliwerenge.

Nachisale wa ku Mponela

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. A Phiri, mwana ndinapita naye Lachiwiri, anamuyeza, ndipo wayamba mankhwala oteteza. Ndikanangotsata zimene ndinafufuza ndekha, mfundo imeneyi sindikanaidziwa.

Tsamba ndalemba, ndipo dzulo madzulo ndinachita monga a Gama analangizira. Ndinakhala ndi azakhali pakhonde, ndinawawerengera, n'kuwapatsa masiki yabuluu. Kuvala anavala bwino, ndipo kawaya ka pamphuno anakapinda okha, chifukwa ndinalemba kuti "finyani kawaya kuti kagwire mphuno, mpweya usatulukire m'maso". Koma povula anaigwira kutsogolo ndi dzanja lonse. Nditayang'ana patsamba ndinapeza kuti ndinangolemba "vulani mosamala", mawu amene sauza munthu chilichonse. Tsopano pali "vulani pogwira zingwe za m'makutu, musagwire kutsogolo chifukwa ndi kumene kwatsalira majeremusi, ndipo sambani m'manja ndi sopo". Pamene ndinalemba kuti "sinthani masiki ikanyowa", azakhali anati bambo satuluka pamvula, choncho yawo singanyowe. Ndakonza kuti "ikanyowa ndi mpweya, thukuta kapena makhololo". Za uthenga wa pa WhatsApp uja sindinawatsutse mwachindunji, ndinangowauza zimene a Phiri ananena za maola a m'fiyeta, ndipo anakhala chete kanthawi n'kunena kuti adokotala amene anawachita opaleshoni chaka china analidi atavala kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

A Mbewe, chiganizo chanu cha mpango ndachiika momwemo, ndipo ndi chimene azakhali anachibwereza okha osayang'ana papepala. A Chisomo, paliponse pamene panali "imateteza" ndasintha kukhala "imachepetsa", ndipo Lachisanu ndikupita nalo kwa namwino wa ku chifuwa kuti aliwerenge, kenako Loweruka tijambula mawu ake pafoni kuti amayi osawerenga adzamvetsere.

Pali malo amodzi pamene ndakanika. Ndinalemba kuti "tsegulani mazenera", ndipo azakhali anafunsa kuti usikunso kodi, ndi kuzizira kwa mwezi uno, udzudzu ndi akuba. Masamba onse amene ndawerenga amangoti mpweya uziyenda bwino, ngati kuti nyumba iliyonse ili ndi mazenera a mawaya ndi zitsulo. Chipinda cha bambo chili ndi zenera limodzi lamatabwa, ndipo chitseko chake chimatsegukira pabalaza pamene timadyera. A Phiri, m'nyumba yotere mungalangize kuti chiganizo chimenechi ndichilembe bwanji?